Injini ya Lole ya Tirigu

Orval Haskett sanali munthu wokhala pansi. Ngakhale khofi ankamwa ali chilili, dzanja lina likusakasaka sipanala m'thumba. Atapuma ntchito yowotcherera zitsulo m'tauni ya Salina, mkazi wake Lorene anayesa kuti tsopano pakhomo pakhala bata. Ankadzinamiza. Bamboyo anakokera m'galaja chigoba cha kagalimoto ka 1931, chopanda denga, chopanda injini, n'kuyamba kuchizungulira ngati nkhuku yosowa poikira.

Anzake a Loweruka, aja amasonkhana kuseri kwa lesitilanti kuonetsana liwiro la magalimoto akale okonza okha, anamulangiza zanzeru.

"Gula injini yatsopano ya m'bokosi, aise," anatero Merle Stuckey, mkulu wa pakamwa posatseka. "Madola zikwi zinayi basi, mawa lake ukuuluka."

"Injini ndili nayo kale. Ya lole ya tirigu ya bambo."

"Chiphwasu chija chili kuseri kwa nkhokwe? Iwe, chimenechija n'cholemera kuposa ng'ombe! Ukufuna kuthamanga kapena kulima?"

Onse anafa nacho chikhakhali. Orval sanawauze chifukwa chake, poti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kunyumba kwake kunali mkulu wake Wendell, amene mutu wake unali utayamba kutaya zinthu. Anaiwala kaye misewu, kenaka masiku, kenaka mng'ono wake yemwe. Zaka ziwiri zathunthu ankamutchula Orval kuti "abambo inu," mwaulemu wopatsa mlendo, ndipo ulemu umenewo unkamupweteka Orval kuposa chitonzo. Dokotala anali atanena kuti pofika Okutobala Wendell apite kunyumba yosungira okalamba. Orval anaika mtima pa chinthu chimodzi: mkulu wakeyo akadzamva kulira kwa injini imene anakulira nayo, mwina adzamuzindikira, ngakhale kamodzi kokha.

Injiniyo inadya ndalama mopanda chisoni. Mapisitoni anawapeza kwa mkulu wina wa ku Oregon amene anatchula mtengo ngati akugulitsa munda. Atangoikhazika injiniyo pachigoba chija, masipuling'i akutsogolo anagwada. Inakananso kukwana, mpaka Orval anadula chasesi n'kuitalikitsa. Pofika Ogasiti, zikwi zinayi za Merle zija zinali zitapita kawiri.

"Iwe Orval," anatero Lorene tsiku lina, ataima pakhomo la galaja, "denga la khitchini likudontha, iwe ukudyetsa chitsulo."

"Chatsala pang'ono."

"Unateronso pa Isitala."

Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha Orval analibe. Kuti Wendell asamangoyendayenda m'nyumba, ankamukhazika pabenchi m'galajamo n'kumupatsa tizitsulo toti azitsuka m'petulo. Chodabwitsa n'chakuti manja a mkuluyo sanaiwale kanthu. Ankamanga kabuleta, kachipangizo kopereka mafuta ku injini, mwakachetechete, bawuti iliyonse pamalo pake, osadziwa n'komwe dzina la munthu amene wamupatsa ntchitoyo.

Loweruka lomaliza la Sepitembala galimoto inalira. Orval anamangirira mkulu wake lamba n'kulowa mumsewu wowongoka wa pakati pa minda ya tirigu. Anayang'ana kumbali. Wendell ankangoona kutsogolo, nkhope ili zii. Orval anaponda mafuta. Muvi woonetsa liwiro unakwera mpaka mamailosi makumi anayi ndi asanu pa ola, n'kuima pomwepo. Anapondanso mpaka phazi kugunda pansi. Injini inangong'ung'udza, osawonjezera ngakhale pang'ono.

Merle anawapitirira akuimba hutala. "Tikakudikirani pa Khirisimasi, alimi!"

Orval anaimika galimoto m'mbali n'kutsegula boneti mwaukali. Pansi pa kabuleta panali gavanala, kachitsulo koletsa liwiro kamene bambo awo anaika kalekale kuti anyamata awo asamathamangitse lole. Orval anali atakachotsa tsiku loyamba lenileni n'kukaponya m'ndowa ya zotaya. Wendell anali atakatola, kukatsuka, kukabwezera, n'kukamanga ndi waya wopota katatu monga ankachitira mdalayo.

Miyezi isanu ndi umodzi, ndalama zonse zija, n'kupitiriridwa ndi Merle! Orval anasolola pulayala. Asanadule, dzanja linamugwira pamkono mwamphamvu.

"Kafupi, usayerekeze," anatero Wendell, akuyang'anayang'ana kumsewu. "Bambo akaona waya wadulidwa, tikwapulidwa tonse awiri. Waiwala za chaka chatha?"

Kafupi. Dzina lake la paubwana limeneli panalibenso wina wamoyo amene ankalidziwa. Orval anaima chilili, pulayala ili m'manja, misozi ikutsikira m'ndevu, ndipo sanachite nayo manyazi.

"Sindinaiwale, Wendell."

"Ndiye tseka boneti tizipita. Tirigu sadikira munthu."

Mpaka lero galimoto ya Orval ndiyo yochedwa kuposa onse pagulu la Loweruka, ndipo Merle salephera kumukumbutsa. Denga la khitchini analikonza yekha, Lorene atamugwirira makwerero. Lamulungu lililonse amakatenga mkulu wake kunyumba ya okalamba, ndipo pakhomo Wendell amamulonjera kuti "abambo inu." Orval amamumangirira lamba, kuliza injini, n'kuponda mpaka muvi ufike pamene bambo awo analamula. Akafika pamenepo amadikira, ndipo masiku ena Wendell amatembenuka n'kumuzindikira.