Tsono wanga ndi chibonga cha Tawonga

Anthuni, sabata ino ndatsala pang'ono kulanditsa mwana wa eni ake malo mu timu, chifukwa cha liwu limodzi.

Tawonga ndi mwana wa aneba anga kuno ku Bolero, ali sitandade 7. Kusukulu kwawo aphunzitsi anabweretsa besibo: wina amaponya kampira kolimba ngati bango laliwisi, wina n'kukamenya ndi chibonga. Lachisanu ankasankha opita kukasewera ku Mzuzu, ndipo Tawonga sanapondeko ku Mzuzu chibadwire. Vuto lake linali kuchedwa. Mpira unkadutsa kaye, chibonga n'kumabwera pambuyo.

Ine mlangizi wa ku Ntcheu, nditaonera mavidiyo awiri pafoni, ndinadzisankha ndekha kukhala kochi. Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.

Lolemba madzulo mnzake akuponya, ine ndaima kumbuyo. "Tsono mwanawe, uyang'ane dzanja..." Fwiii! Wamenya mphepo, mpira usanachoke n'komwe.

"Iwe, kuthamanga sikufika! Tsono uyambe wadik..." Fwiii!

Masiku atatu zili choncho. Wochedwa uja anasanduka waphuma. Lachitatu anakhala pansi n'kuyamba kusisima, akundiitana monga aitanira malume m'Chitumbuka. "Asibweni, basi ine ku Mzuzu sindipita." Zinandiwawa zedi, koma mumtima ndinkati ana a masiku ano samva.

Mayi ake, a NyaGondwe, ankasankha fodya pakhonde. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje.

"Alangizi, zaka zinayi kuno ku Nkhamanga, simudziwa kuti sono ndi chiyani?"

"Amayi, ine ndimati tsono."

"Ndiye mwanayo akumva sono! Kwathu kuno ndiye kuti pompano. Mukangotsegula pakamwa, iye akuti mwamulamula kuti amenye."

Kalanga ine! Kwathu tsono n'kongokonzera kukhosi, sitimuwerengera n'komwe. Mwana amene ndinkamunena kuti samva ndi amene ankandimvera kuposa aliyense.

Kodi si mmene timachitira akuluakulufe? Mwana akuphunzira njinga, ife tili pambuyo: khota, ponda, yang'ana kutsogolo! Akagwa timati ndi wosamva. Kumunda nako ndimatero ndithu, mlimi wagwira kale khasu ine ndikadali pa mfundo yachitatu. Timakonda mawu athu moti sitifunsa kuti afika bwanji m'khutu la mnzathu. Nanga mpira ungadikire kuti malume amalize chiganizo?

Lachinayi a NyaGondwe anandikhazika pampando n'kundipatsa mtedza kuti pakamwa pakhale ndi ntchito. Kwa mwana wawo anangoti, "Uli ndi maso. Mpira ukachoka m'dzanja ponda phazi, ukafika menya." Mpira woyamba anauphonya. Wachiwiri anaukhudza pang'ono. Wachitatu, phaa! Unakagwera m'chigafa cha fodya, nkhuku n'kubalalika.

Lachisanu ndinapita kubwalo la sukulu. Tawonga atagwira chibonga, tsono uja anakwera mpaka pammero, ndinachita kuluma lilime. Anamenya kawiri mwa katatu, ndipo aphunzitsi anatchula dzina lake pa opita ku Mzuzu.

Anabwera akuthamanga, n'kugwada pang'ono. "Yewo chomene, asibweni. Lero mwandithandiza."

"Ndathandiza chiyani, poti sindinayankhule?"

"Chomwecho."

Tsono inu... pepani, ndayambanso. Inu amene muli ndi mwana amene mumati samva, munayesapo kutafuna mtedza?