Njinga Imene Ndinakankha Mpaka ku Chiparamba

Bambo atamwalira ku Kapata, amalume anandipatsa njinga yawo kuti ndikauze azakhali ku Chiparamba. Masiku amenewo uthenga wa maliro unkayenda ndi munthu. Ndinali ndi ndevu kale, koma kupalasa njinga sindinkadziwa, ndipo ku Chipata mwamuna saulula zimenezo. Ndinailandira n'kuikankha ulendo wonse. Sindinalire, ndinkangomva pedulo ikundimenya mwendo.

Azakhali atamva uthengawo anati, "Ndikweze pakaliyala, mwanawe, ndikaone nkhope ya mlongo wanga."

"Tayala laphwa, azakhali."

Anawerama n'kulitsina. Linali gwa! Anangomanga chitenje n'kuyamba kuyenda, ine ndi njinga pambuyo.

Tinafika anthu akuchokera kumanda. Kupalasa ndinaphunzira chaka chomwecho, koma azakhali sanandipemphenso kuti ndiwakweze.