Diso Limene Ndinataya Poteteza Katswiri wa Tenisi

Inu owerenga, diso langa lakumanzere silionanso. Linaphedwa ndi mpira wa tenisi, kampira kachikasu koti ngakhale mwana angakafumbate m'dzanja. Koma adokotala anandiuza kuti mpirawo sunalimalize wokha. Chinalimaliza n'chakuti ndinachedwa kupita kuchipatala, ndipo ndinachedwa dala, pofuna kuteteza munthu amene anaumenya.

Ndimakhala ku Kawale, ndipo ndimasoka zovala pakhonde la nyumba yathu. Tenisi ndinaiphunzira kusekondale kwathu kumpoto. Nditakwatiwa ndinasiya kusewera, koma mtima unatsalira komweko, choncho kukakhala mpikisano mumzinda muno ankanditenga kuti ndikhale mmodzi wa oyang'anira mizere. Ntchito yake ndi kuima kumapeto kwa bwalo, maso ali pamzere woyera, n'kufuula mpira ukagwera kunja. Basi.

Yamikani anali mnyamata wa ku Biwi, mwana wa mayi amene tinkaimba nawo m'kwaya ya amayi kutchalitchi. Kwa iye tenisi inali ntchito yeniyeni. Ankadyera momwemo, akuyenda m'mayiko oyandikana nafe, ndipo mayi ake ndi azichemwali ake ankadalira iyeyo. Tonse tinkamunyadira, chifukwa masewerawa anthu amawatenga ngati a ana a kumayadi, ndiye kuona mwana wa kwathu akuwagonjetsa zinkatikomera. Koma anali ndi mtima wapachala. Tinkadziwa tonse, ndipo tinkangoseka. Akathyola raketi, chomenyera mpira chija, ndi mkwiyo tinkati akatswiri ndi momwe amakhalira.

Chaka china kunabwera mpikisano waukulu, wa osewera ochokera kunja. Zinkamveka kuti kampani ina ya ku Kanengo imafuna kuyamba kumuthandiza akapambana. Anafika mpaka ndime yoti akapambana alowe yomaliza, ndipo tsiku limenelo ine anandiika pamzere wakumbuyo kwake. Zinthu sizinkamuyendera. Anakangana ndi woyimbira wamkulu, uja amakhala pampando wautali pafupi ndi neti, mpaka anamuchenjeza. Patapita kanthawi anamenyetsa mpira wosavuta paneti. Ndinamuona akutulutsa mpira wina m'thumba la kabudula, n'kuumenya chakumbuyo ndi mphamvu zake zonse, osacheuka n'komwe.

Sindinamve kuwawa poyamba. Ndinangoona kuwala koyera, kenako ndinapezeka ndili chogwada, mchenga wa pabwalo uli m'kamwa.

Mkulu wa mpikisano anabwera, anandiyang'ana, analankhula pang'ono ndi woyimbira, n'kulengeza kuti Yamikani wachotsedwa mumpikisano. Anthu anayamba kukuwa. Sankakuwiza Yamikani ayi, ankakuwiza ine. Ndinamva mawu a mwamuna wina kumipando akuti, "Akunamizira amenewo! Kampira kameneko kangagwetse munthu?" Ndinadzuka msanga, dzanja lili padiso, n'kuuza mkuluyo kuti sindinavulale, mwanayo sanachite dala, amulole amalize. Anandiyankha mofatsa kuti, "Amayi, lamulo silifunsa ngati anachita dala. Limafunsa ngati anamenya mpira ndi mkwiyo pamalo pamene pali anthu." Nthawi imeneyo ndinamuona ngati munthu wouma mtima.

Anafuna kunditengera kuchipatala pa galimoto ya mpikisano, koma ndinakana. Ndinati ndipita ndekha.

Madzulo ake mayi a Yamikani anafika kunyumba ndi amayi ena a m'kwaya. Tinapemphera. Atatha kupemphera ananena chimene anabwerera. Akuluakulu a masewerawa amayenera kukumana kuti aone ngati mnyamatayo aletsedwe kusewera kwa nthawi yaitali, ndipo zikamveka kuti ndagonekedwa m'chipatala, ndiye kuti zake zathera pomwepo. Mayiyo anagwada pasimenti, munthu wamkulu kuposa ine. "Amayi, mwana uja ndi wanunso. Tangopirirani mpaka nkhaniyi idutse."

Amuna anga anakana. Anati diso si chala. Koma ine ndinali nditamva kale kukuwa kwa pabwalo kuja, ndipo ndinkaopa kuyenda m'Kawale anthu akundiloza kuti ndi amene anagwetsa mwana wa eni. Ndinagula mankhwala odontheza kufamase, ndinavala magalasi akuda, n'kumauza aliyense kuti ndi kutupa chabe. Kutupako kunaphwadi. Chinatsala ndi timadontho takuda toyandama ngati mwaye, ndi kung'anima ngati mphezi ndikatembenuza mutu. Ndinapita pamaso pa akuluakuluwo ndili choncho, ndipo atandifunsa ndinati ndikuona bwinobwino. Yamikani anamuletsa kwa kanthawi kochepa. Potuluka, amayi a m'kwaya anandikumbatira.

M'mawa wina ndikusoka yunifolomu ya mwana wasukulu, ndinaona mdima ukutsika m'disomo kuchokera pamwamba, ngati munthu akutseka katani pang'onopang'ono. Apo m'pamene ndinakwera minibasi kupita kuchipatala. Adokotala anandiunika nthawi yaitali, kenako anandifunsa kuti zinachitika liti. Nditawauza, anangotsamira kumpando. Anafotokoza kuti kanthu kopyapyala ka mkati mwa diso, kamene kamalandira kuwala, kanang'ambika tsiku lomwe lija ndipo kakhala kakumatuka nthawi yonseyi. Ndikanabwera msanga akanakamata. Anayesabe opaleshoni, koma sizinathandize.

Sindinalire. Mpaka lero sindinalirepo, ndipo sindikudziwa chifukwa chake. Ndinabwerera kunyumba, ndinamaliza yunifolomu ija, ngakhale kuti kulowetsa ulusi pasingano kunanditengera nthawi yoti kale ndikanasoka siketi yonse. Masiku ano ndikamathira tiyi nthawi zina ndimathira patebulo, kapu ili pomwepo. Powoloka msewu ndimatembenuka thupi lonse, chifukwa akabaza ochokera kumanzere ndimangowamva mphepo. Makasitomala a madiresi a ukwati anasiya kubwera. Misoko yanga siwongokanso. Pabwalo la tenisi sangandiikenso pamzere, ndipo sindiwadandaula.

Yamikani anabwera kamodzi. Anakhala pabenchi la makasitomala, manja ali pakati pa mawondo, akuyang'ana makina osokera. Anati, "Amayi, sindinakuoneni." Ndinamuyankha kuti ndikudziwa. Ndinafufuza mumtima mwanga kuti mwina ndipezemo mkwiyo kapena chikhululuko choti ndimupatse, koma munalibe kanthu. Kenako anatsanzika. Kampani ija inasintha maganizo, komabe akusewera, ndipo ndimamva kuti mtima uja sunasinthe kwenikweni. Mayi ake tikakumana kutchalitchi amakhala mbali imene sindiona.

Anthu amakanganabe za nkhaniyi. Tsiku lina m'minibasi ya ku Area 23 anyamata awiri ankaikambirana, osadziwa kuti mwini diso ali pampando wakumbuyo kwawo. Wina ankati kumuchotsa kunali nkhanza, munthu wavutika zaka zonsezi n'kutaya zonse chifukwa cha kamphindi kamodzi, chipepeso chikanakwanira. Mnzakeyo ankati akanakhala wochokera kunja sakanamuchotsa. Ndinawamvetsera mpaka ndinatsika. Palibe amene anafunsa kuti mayi uja ali bwanji.

Kale inenso ndinkaganiza ngati iwowo. Lero ndikayang'ana anthu onse amene analipo tsiku lija, ndimapeza kuti mmodzi yekha ndi amene ananditenga ngati munthu wovulala: mkulu uja ndinkamuti wouma mtima. Ena tonse, ine ndemwe, maso athu anali pa katswiri. Kuchotsedwa mumpikisano n'kowawa, sindikukana, ndipo mnyamata uja sanali chigawenga. Koma mpikisano umabweranso chaka chamawa.

Inu amene mumasewera, kaya ndi tenisi kaya ndi mpira wa m'fumbi ku Chinsapo, dziwani kuti mkwiyo wanu ukachoka m'manja umakagwera munthu amene wangoima pantchito yake. Inu makolo ndi aphunzitsi a masewera, mwana akathyola raketi musaseke ngati momwe tinkasekera ife. Mukhazikeni pansi akadali wamng'ono, pamene chilango chake n'kungophonya masewero a Loweruka limodzi. Inu ochemerera, woyimbira akachotsa munthu wanu, yambani mwayang'ana amene wagwa pansi musanakuwe.

Ndipo inu amayi anzanga, amene munazolowera kupirira kuti ena zinthu ziwayendere: wina akakugwadirani kuti mubise bala lanu chifukwa cha tsogolo la mwana wake, mudzutseni mwaulemu, mumuphikire tiyi ngati mukufuna, koma inu nyamukani mupite kuchipatala tsiku lomwelo.