Chitupa cha achimwene m'chikwatu

Ndikukumbukira chaka chimene achimwene anga a Jafali anabwera kuchokera ku Joni, ngakhale sindinkafuna kuchikumbukira. Chandikumbutsa ndi filimu yotopetsa imene adzukulu anga anandionetsa Lamulungu masana muno mu Bapong, ku Joni konkuno. Idrisa anaigula pa renki ya matekisi ku Rustenburg, pamulu wa madisiki akale ofwifwa. Ndinamuuza kuti chinthu chikatchipa choncho pali chimene akubisa, koma ana a masiku ano samva. Tinakhala atatu m'chipinda chathu cha lendi, chitseko chili chotseka chifukwa cha fumbi la ku mgodi, malata akutiwotcha pamutu.

Filimuyo ndi ya azungu, yakalekale. Bwana wina wolemera akutola mnyamata wosowa ntchito, kumugulira suti, kumupatsa chipinda, kiyi n'kusunga yekha, n'kumusandutsa ngati mkazi wake. Atatopa naye, akumutaya. Basi, maola awiri athunthu. Amuna awiriwo akagwirana manja, Idrisa ankabisa nkhope mu pilo n'kumaseka, "Agogo, izi ndiye ayi!" Mlongo wake Fatuma, amene amadziyesa wowerenga kwambiri, ankamukalipira kuti ndi mbuli, nkhaniyi ndi ya chikondi. Ine anandikwiyitsa onse awiri. Uyu akuona zoseketsa, uyu akuona chikondi, kiyi uja palibe anamuona.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Kwathu n'kumtunda kwa Mangochi, kwa miyala ndi milambe, ndipo inali nyengo yotentha ija yoti mchenga umakuwotcha kumapazi. Lole inatsitsa anthu awiri pamsewu: achimwene, ndi Che Amadu a m'mudzi woyandikana nawo. Che Amadu ndi amene anawatenga zaka ziwiri m'mbuyomo, achimwene ali ndi zaka makumi awiri. Anali munthu wamkulu, wa imvi pang'ono, wolankhula motsitsa mawu. Anthu ankati ku komponi, kogona anthu a m'migodi, ndiwo anali akuluakulu a chipinda, ndipo mawu awo ankamveka kwa ogawa ntchito, oti uyu atsike kozama, uyu atsale pamwamba.

Masiku amenewo munthu akachokera ku Joni ankatsegula bokosi lake pamphasa, mudzi wonse ukuona. Munatuluka mabulangete, sopo wonunkhira mpaka kuyetsemulitsa, kalilole, shuga, ndi nsalu ya amayi ya maluwa ofiira. Amayi anagwada, kuwathokoza Che Amadu, n'kuwapatsa tambala wathu wamkulu. Aliyense ankati Jafali ndi wamwayi, wabwera ndi zala zonse, alibe chifuwa cha m'migodi.

Ine ndinali mwana woyang'anitsitsa. Amayi ankati ndili ndi maso ngati a nkhuku yoona mphamba. Pamene anzanga ankalimbirana masuwiti, ine ndinaona kuti kiyi wa bokosi la achimwene anachokera pachingwe cha m'khosi mwa Che Amadu, ndipo atatsegula anabwerera komweko.

Masiku otsatira ndinaona zambiri. Che Amadu ankabwera pafupifupi tsiku lililonse, akuti kudzaona amayi. Akangotsokomola, achimwene ankaimirira. Ankawasitira malaya ndi simbi ya makala, kuwatenthetsera madzi, ndipo powapatsa madzi akumwa ankagwada mawondo onse awiri, nkhope atayang'ana kumbali. Amayi a m'mudzi ankaseka kuti, "Taonani, Joni yamuphunzitsa ulemu mwana uja!" Koma ine ndinkawadziwa achimwene anga. Asanapite anali munthu waphokoso, woimba mluzu kuyambira m'mawa, woti akandipeza ndikusinja ankandilanda munsi n'kumavina nawo. Amene anabwerayu sankaimba mluzu. Ankadya mofulumira, maso ali pakhomo. Tsiku lina ndinawaona kuseri kwa nkhokwe akuvula wotchi yonyezimira imene Che Amadu anawagulira, n'kuiyika pamwala, n'kuiphwanya ndi mwala unzake, pang'onopang'ono, ngati akuswa mtedza.

Ndinapita kwa amayi ali kupeta mapira.

"Amayi, bwanji achimwene amawagwadira Che Amadu ngati mkazi wawo?"

Lichero linaima. Anathyola kanthambi ka bwemba, ndipo amene anakwapulidwapo ndi bwemba akudziwa kuti sikathyoka msanga. Ankandimenya uku akunena kuti, "Pakamwa pakopo! Munthu watithandiza! Pakamwa pakopo!" Koma pomenyapo sankandiyang'ana kumaso, ndipo atamaliza anakhala pansi n'kusiya mapira nkhuku zikudya. Pamenepo ndi pomwe ndinaphunzira kuti akuluakulu amakumenya kwambiri ukanena chimene iwo akuchidziwa kale.

Patapita milungu ingapo Che Amadu anadzanena kuti tchuthi chatha, lole inyamuka Lachinayi m'mawa, Jafali akonzeke. Achimwene anangoti, "Chabwino." Mawu ake anamveka ngati a munthu amene wauzidwa za maliro.

Popanda chitupa cha ulendo palibe ankakwera lole imeneyo, ndipo zimenezo ngakhale mwana ankazidziwa. Zitupa zonse ziwiri zinkakhala m'thumba la m'kati mwa jekete la Che Amadu. Lachitatu masana anabwera kudzatsanzika. Nthawi ya swala, pemphero la masana, itakwana, anavula jekete, kulipachika pamtengo wa khonde, n'kupita kuseri kukatawaza. Ndinamva madzi akukhavukira pansi. Jekete linkanunkha fodya ndi mafuta a m'tsitsi. Kuwerenga sindinkadziwa, koma m'timabukumo munali zithunzi, ndipo ndinatenga kamene kanali ndi nkhope ya achimwene.

Ndinathamangira m'khitchini. Pamwamba pa moto pankapachikidwa chikwatu cha mfutso, masamba a khwanya ouma okulungidwa m'masamba a msuku, omangidwa ndi luzi, odikira nthawi ya kusowa ndiwo. Ndinakwera pamtondo, kumasula pang'ono, kukankhira kabukuko pakati pa mfutso, n'kumanganso. Mwamuna wa kwathu akhoza kusasula denga lonse, koma chikwatu sachigwira. Ndi cha akazi, ndipo sachiona n'komwe.

Lachinayi kutacha pakhomo pathu panali ngati pagwa moto. Che Amadu anali atapeza kuti chitupa cha achimwene chasowa. Anthu anakutumula mphasa, kukhuthula bokosi, kufufuza m'nkhokwe, kusesa njira yonse mpaka kumudzi kwa Che Amadu. Mawu otsitsa aja anatha. Anayamba kutukwana m'chilankhulo cha ku migodi, malovu akuuluka, akuloza achimwene kumaso kuti, "Wabisa ndiwe! Ukudziwa chimene ndakuchitira iwe?" Amayi anaima pakhomo la khitchini, pakamwa pali yasa. Aka kanali koyamba kumuona mmene analili munthu amene anamupatsa tambala.

Ine ndinakhala pakhonde ngati mwana wabwino. Ndinali nditaiwala chinthu chimodzi: mwaye. Dzulo lake ndinasamba, koma m'mawa ndinakakweranso kukaona ngati luzi lagwira, ndipo manja ndi kutsogolo kwa diresi kunali bii. Achimwene anandiyang'ana, n'kuyang'ana khitchini, n'kundiyang'ananso. Ndinadziwa kuti kanthambi ka bwemba kabweranso, mwina ndi mtengo wonse. Iwo anatenga chikho, kutunga madzi mumtsuko, n'kunjuta patsogolo panga, msana atapereka kwa Che Amadu.

"Tasamba, Maliyamu," anatero. "Wada ngati mphika."

Anandisambitsa chala chimodzichimodzi. Tinamva lole ikuliza hutala pamsewu katatu. Che Amadu ananyamula chikwama chawo osatsanzika. Tinamva pambuyo pake kuti ulendo wotsatira anatenga mnyamata wina wa kutsidya kwa dambo, ndipo amake a mnyamatayo anawapatsa mbuzi. Zimenezo zimandiluma mpaka lero, koma ine ndinali ndi manja awiri okha ndi chikwatu chimodzi.

Mvula itagwa, amayi anatsitsa chikwatu chija ine ndili pompo. Kabuku kanagwa pansi, kofiirira ndi utsi. Anakatola, kuyang'ana chithunzi kanthawi, n'kukaponya pamoto. Kenako anati, "Tapita ukatole nkhuni," ndipo nkhaniyo sitinaikambenso mpaka anamwalira. Malata amene amayi ankayembekezera kuchokera ku Joni sanabwere. Nyumba yathu inadontha zaka zambiri, ndipo nthawi zina akamasuntha mphasa kuthawa madzi ankandiyang'ana mwa mtundu wina.

Achimwene mluzu wawo unabwerera pang'onopang'ono, wosafika pakale. Sanakwatire. Anaphunzira utelala n'kukakhala ku Balaka ndi mnzawo wina kalipentala, a Lufeyo, zaka zambirimbiri m'nyumba imodzi. Anthu ankalankhula, anthu salephera. Nditakula ndinapita kukawaona, ndipo inu mukundidziwa, sindinapite kukangomwa tiyi. Ndinayang'anitsitsa. Makiyi a pakhomo anali awiri, aliyense ndi wake m'thumba. A Lufeyo akatsokomola, achimwene ankangoti, "Imwani madzi, musatisokose." Ankakangana za mchere wa m'ndiwo ngati anthu ena onse. Zina za m'nyumba imeneyo sindinazimvetse ndipo sindinafunse, koma ndinabwerako mtima uli pansi. Munalibe wogwadira mnzake.

N'chifukwa chake filimu ija inanditopetsa. Bwana wa m'menemo akangotulukira, nyimbo imasintha, nkhope yake ili ngati ya fisi, ngakhale khanda likhoza kudziwa kuti uyu ndi woipa. Bodza limenelo. Enieniwo amapereka moni bwino, amafunsa za msana wa amayi ako, amabwera ndi shuga. Ndiye kumapeto akutionetsa bwanayo akulira yekha pawindo nthawi yaitali, kuti timumvere chisoni, pamene mnyamata wotayidwa uja sakutiuza n'komwe kuti anakagona kuti. Ndinawauza adzukulu anga kuti azimitse, magetsi ndi odula. Fatuma anati, "Agogo inu simukhulupirira aliyense, ngakhale anthu a m'filimu." Ndinati eya, makamaka amenewo.

Zinthu zasintha, sindikukana. Komponi za kale zija zambiri zinatha, anthu akuchita lendi, akazi tili konkuno, ndipo za amuna awiri kukhala limodzi ana amazikamba poyera ngati za mpira. Lole inasanduka kagalimoto koyera ka makontirakita, chitupa chinasanduka pasipoti. Koma mwezi wathawu kunabwera bambo wina wa kwathu komwe, wopezera anyamata ntchito ku migodi ya ku Photsaneng, wolankhula motsitsa mawu. Anandibweretsera shuga ndi mafuta ophikira, n'kundifunsa za miyendo yanga. Atamwa tiyi anati Idrisa ntchito yapezeka, angopereka pasipoti kuti ikasungidwe bwino ku ofesi, poti muno m'malendi mumabedwa.

Sindikudziwa chimene bamboyo amafuna, mwina manja otchipa chabe. Sindinadikire kuti ndidziwe. Ndinamubwezera shuga wake m'manja, n'kumuuza kuti akafuna kuona pasipoti adzaionere pano ine nditaigwira. Idrisa anakwiya masiku atatu, akuti ndamutayitsa mwayi, ndine wachikale. Akwiye. Ntchito akafune kwina kumene safunsa zosunga mabuku a anthu.

Muno mu Bapong mulibe chikwatu, ndiwo timagula m'mapepala apulasitiki. Komabe m'nyumba iliyonse muli malo amene mwamuna sayang'anamo, ndipo mapasipoti athu onse atatu ali pamenepo. Kuti ndi pati, sindikuuzani. Inunso sindikukudziwani.