Pepala Limene Linakulunga Mandasi Atatu

Taganizani m'mawa wamba pa Nkhata Bay, tsiku loti sitima ya Ilala ili padoko. Onyamula katundu akutsetsereka ndi matumba pamutu, amayi akuyala usipa pamsika, dzuwa layamba kale kuwotcha pomwe seveni koloko sinakwane. Kuseri kwa msika, pakati pa shopu ya telala ndi ya kaunjika, mayi wina wamfupi wovala magalasi akulimbana ndi loko wadzimbiri. Akatsegula, amayamba wayesa ngati magetsi alipo. Akapeza kulibe sadandaula. Amakhala pansi, n'kuvula nsapato, n'kudikira.

Amenewa ndi mayi Felistus Longwe, omwe tawuni yonse imawatchula kuti anyaLongwe. Anataipa m'maofesi a boma zaka makumi atatu. Atapuma anagula kompyuta yakale ndi makina a fotokope amene amawononga pepala limodzi pa mapepala khumi alionse. Patebulo pawo pamadutsa zinsinsi za tawuni yonse: ziphaso za unzika, makalata a kuchipatala, kalata ya mayi wouza mwamuna wake wa ku Joni kuti banja lithe. Iwo amagwira ntchitoyo osayang'ana nkhope ya mwini pepala, ndipo sindinamvepo munthu akuti nkhani yake inatulukira pakamwa pa anyaLongwe.

Inatulukira kwina. Mapepala owonongeka ankawaunjika m'katoni, ndipo Lachisanu lililonse ankawapereka kwa mnzawo wa ku Umanyano, gulu la amayi la kutchalitchi, mayi Dorothy Manda, wogulitsa mandasi pageti la msika. Kuno aliyense amatero. Tonsefe tadyapo mandasi okulungidwa m'mafunso a mayeso akale. Ziphaso ndi makalata a kuchipatala anyaLongwe ankang'amba kaye, koma zolemba zina zonse ankaziona ngati zopanda vuto.

Chaka chatha mtsikana wina wa Folomu 3 kusukulu kumene ndimaphunzitsa anandipatsa pandekha, mwamanyazi, kope lodzaza ndi nkhani imene anapeka. Inali ya tawuni imene boma linaikamo chipinda chomvetsera mafoni a anthu onse, ndi ya mtsikana wotchedwa Takondwa amene bambo ake anagwidwa chifukwa cha mawu omwe analankhula pafoni ndi mchimwene wawo. Ana ndimawauza kuti azilemba za malo amene amawadziwa, choncho iye anaikamo gombe la Chikale, doko ndi msika. Nkhaniyo inali yabwino. Ndinaipititsa kwa anyaLongwe kuti aitaipe, tiiike mulaibulale. Dzina la mwini wake linali pachikuto cha kopelo.

Makina anakwinya tsamba la 19. Linalowa m'katoni, ndipo Loweruka m'mawa linakulunga mandasi atatu. Anawagula a Hopeson Kamanga, omwe amagwira ntchito ku ofesi ina ya boma imene ntchito yake ndi kumva zomwe anthu akunena n'kulemba malipoti. Nyengo imeneyo asodzi anali okwiya chifukwa cha maukonde amene analandidwa, ndiye makutu a ofesiyo anali tcheru. Akutafuna, a Hopeson anawerenga papepala lamafutalo: "Tsopano ndikudziwa kuti mafoni onse a asodzi a ku Chikale amamvetseredwa. Mawa ine ndi anzanga tikadula mawaya." Atafunsa kumene mapepalawo amachokera, anyaManda anangoloza ndi chala osaganiza kanthu.

Lolemba a Hopeson anafika kushopu ya anyaLongwe, n'kuyamba ndi moni wa m'chinenero cha kuno.

"Mwayuka uli, ama?"

"Tayuka umampha, ada. Fotokope kapena kutaipa?"

Anayala pepalalo patebulo. "Ndikufuna amene analemba ichi."

AnyaLongwe anakweza magalasi, n'kuliyang'ana nthawi yaitali. "Iyi ndi nkhani yopeka, a Hopeson."

"Yopeka yotchula Chikale? Yopeka yodula mawaya?"

"Kodi mandasiwo munadya, kapena munakhuta pepala?"

A Hopeson sanaseke. "Ama, ndatumiza kale uthenga kwa akuluakulu anga. Akufuna dzina. Munthuyo sitimuchita kanthu. Tingomufunsa mafunso."

AnyaLongwe anandiuza pambuyo pake kuti atamva zimenezo anakumbukira zakale. M'nthawi ya chipani chimodzi, ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, bwana wawo anawapatsa mayina asanu ndi awiri kuti awataipe, ati a anthu ofunika kungowafunsa mafunso. Anawataipa bwinobwino, osalakwitsa chilembo. Dzina lachinayi linali la mphunzitsi amene anawaphunzitsa kuwerenga. Mphunzitsiyo anatengedwa, ndipo anabwerako patatha zaka zitatu, akuyenda ndi ndodo.

Nthawi zinasintha, ndipo mwina a Hopeson ankanena zoona. Koma mtsikanayu anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, bambo ake ndi kalaliki wa boma, ndipo dzina likalowa m'failo silitulukamo. AnyaLongwe ankadziwa zimenezi bwino, chifukwa mafailowo ankataipa ndi iwo.

"Dzina sindikupatsani," anatero. "Anthu amabweretsa mapepala awo pano chifukwa sindinena."

A Hopeson anayang'ana m'kompyuta, koma tsamba la pachikuto lokhala ndi dzina linali lisanataipidwe. Kopelo linali m'dirowa, pafupi ndi bondo la anyaLongwe. Masana, a Hopeson atapita kukadya, iwo analibisa m'chitenje n'kupita nalo pageti la msika. Anang'amba chikuto n'kuchiponya pa mbaula ya anyaManda.

"Asisi, ine sindinadziwe," anyaManda anatero, misozi ili m'maso. "Ndinangoti ndi kasitomala wofuna fotokope."

"Wolakwa ndine. Ndine ndinakupatsani pepalalo. Tatembenuzani mandasiwo, akupserera."

Kuyambira tsiku lotsatira a Hopeson anayamba kukhala pabenchi ya pakhonde la shopu. Sankakalipa, sankaopseza. Ankangofika eyiti koloko, n'kukhala, n'kumayang'ana aliyense wolowa. Munthu wonyamula kalata ya kuchipatala akawaona ankapitirira ngati akupita kukagula tomato. Sabata yoyamba makasitomala anachepa. Yachiwiri makina anakhala tsiku lonse osalira ngakhale magetsi analipo.

A Bright, telala wa shopu yoyandikana, ankafuula ali pamakina awo osokera: "AnyaLongwe, mwapeza mlonda waulele! Muwauze azisesako pakhondepo!"

"Sokani buluku lanulo, ada," a Hopeson ankayankha. "Mwendo wina mwautalikitsa."

Nditamva, ndinawapeza anyaLongwe potuluka m'tchalitchi, n'kuwauza kuti ndikukadziulula kuti nkhaniyo ndinabweretsa ndine. Anandigwira dzanja.

"Aphunzitsi, mukatero mawa a Hopeson ali m'kalasi mwanu kufunsa ana mmodzimmodzi, ndipo wina alira, wina aloza. Bwererani kusukulu. Mwanayo musamuuze kanthu, aziwerenga."

Nkhope yawo inali itagwa. Anandiuza kuti sakugona bwino, ndipo mkono umene unayamba kuwawa zaka zapitazo chifukwa cha kutaipa tsopano ukuwawa mpaka paphewa. Anati masiku ena akamatsegula loko uja amalakalaka atakanika, abwerere kunyumba akagone.

M'sabata yachitatu, poti panalibe ntchito ina, anamaliza kutaipa nkhani yonse. Anasindikiza masamba makumi atatu ndi anayi opanda dzina, n'kuwaika pabenchi pambali pa a Hopeson.

"Poti mwakhala pano ngati wodikira Ilala, werengani. Musaikemo mafuta."

A Hopeson anawerenga m'mawa umenewo ndi wotsatira, akunyowetsa chala potembenuza masamba. A Bright akawaponyera nthabwala sankamva n'komwe. Atamaliza analowa m'shopu n'kukhala pampando wa makasitomala.

"Ndiye Takondwayu, bambo ake anawamasula?"

"Tsamba lomaliza mwaliwerenga."

"Silikunena."

"Ndiye inenso sindikudziwa."

Anapukuta kumaso ndi manja onse awiri. "Ama, ine ndatopa. Ndikuona kuti ndi nthano, ndipo wolembayo ndi mwana. Koma lipoti lili ndi mzere wa dzina. Ndikausiya wopanda kanthu andibwezera, anditumanso pabenchi pomwepa."

AnyaLongwe anayang'ana makina awo a fotokope, kenako katoni ija pansi pa tebulo.

"Lembani langa. Felistus Longwe. Chilembo chilichonse papepalapo ndinataipa ndine, ndipo ndine ndinalitulutsa kunja. Simukhala mutanama."

"Mukudziwa kuti likalowa..."

"Ndikudziwa kuposa inu, mwana wanga. Lembani."

Analemba. Palibe amene anabwera kudzatenga anyaLongwe, ndipo palibe anawafunsanso mafunso. Kungoti maofesi amene ankawatumizira ntchito makina awo akawonongeka anasiya kutumiza, popanda wonena chifukwa. Makasitomala ena anabwerera pang'onopang'ono, ena anazolowera shopu ya kumtunda. Masiku ano anyaLongwe amatseka folo koloko, ndipo akuti mwina chaka chamawa makinawo awagulitsa.

Katoni ija ikadalipo. Lachisanu lililonse amapita nayo kuseri kwa shopu n'kuotcha mapepala onse, ataimirira pomwepo mpaka lomaliza litasanduka phulusa. AnyaManda tsopano amakulungira mandasi m'nyuzipepala zakale, ndipo amadandaula kuti inki imadetsa makasitomala m'manja.

Mwezi wathawu mtsikana uja anapita kushopuko kukapangitsa fotokope ya chiphaso chake, pokonzekera mayeso a Folomu 4. Za benchi ija sadziwa chilichonse. AnyaLongwe analandira chiphasocho, n'kuchiika pamakina, n'kumubwezera pamodzi ndi pepala lake osamuyang'ana kumaso, monga amachitira ndi aliyense.

Nkhani ya Takondwa ili mulaibulale ya sukulu yathu, makope khumi ndi awiri, pachikuto pali dzina lopeka. Ana amachita kulimbirana, ndipo makope awiri atha kale m'mphepete. Dzina lenileni la wolemba timalidziwa anthu atatu: mwini wake, ine, ndi anyaLongwe, amene anafunsidwa dzinalo masabata atatu koma sanalitchule.