Nkhope Zitatu za Intaneti

Inu amene mwatsala pang'ono kusiya zimene munayamba chifukwa mutu waima, takhalani pansi kaye ndikuuzeni za Hidaya wa ku Nkhudzi.

Hidaya anabadwa ndi khungu lachialubino, ndipo maso ake ankaona zapafupi zokha. Mayeso a Fomu 4 anamukana kawiri. Si kuti anali mbuli ayi, koma zolembedwa pabolodi kwa iye zinali utsi wokhawokha. Makolo ake atamwalira, amalume ake, Che Bakali, anamupatsa ntchito yoyanika usipa pathandala. Dzuwa la ku Mangochi mukulidziwa, silinyengerera munthu. Milomo inang'ambika, m'khosi ndi m'mikono munabuka zilonda.

Namwino anamuuza mosapsatira mawu: "Mukapitiriza kukhala padzuwa, zilondazi zidzasanduka khansa. Pezani ntchito ya pamthunzi."

Ya pamthunzi iti, munthu wopanda satifiketi?

Mwayi unagwa pamene bungwe lina linatsegula kalasi ya kompyuta ku Monkey Bay. Okhoza ankawapezera malo m'mashopu osindikiza mapepala. Che Bakali anavomera monyinyirika. "Ukakalephera, usadzandiuzenso za sukulu," anatero.

M'kalasimo munali makompyuta atatu amphatso, ophunzira n'kumalandizana. Hidaya, poti ankadalira matola, ankafika mochedwa n'kukhala pamene patsala.

Tsiku loyamba kuphunzira intaneti, anayandikiza nkhope mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda sikirini. Analoweza zonse bwinobwino: polembera pali pamwamba, ndipo kumanja kuli timadontho titatu totsegulira zina zonse. Anapita kwawo mtima uli m'malo.

M'mawa mwake timadontho tija kunalibe. Pamalo pake panali timizere. Tsiku linalo zinachita kunyanya: kumanzere kunamera mndandanda wa tizithunzi, pakati panadzaza timabokosi ta mitundumitundu ndi nkhani za mpira zimene iye sanaziitane.

"Dinani pamwamba kumanja," ankatero aphunzitsi, a Simioni. Anzake ankangodina, chifukwa ankaona sikirini yonse nthawi imodzi. Hidaya ankaona kachigawo kamodzi, n'kusuntha mutu kufunafuna kena. Akamapeza, anzake ali patali.

Anabalalika mwana wa eni. Kodi dzulo ndinaona madontho kapena ndinkalota? Nanga lero abwereranso bwanji? Anasukusula m'maso, anagula mankhwala odontheza, anapempha kwa Allah, koma zinthu zinkasinthabe tsiku ndi tsiku. Mapeto ake anatsimikiza chinthu chimodzi, kuti maso ake ayamba kufa. Mantha anamugwira, ndipo sanauze munthu.

Lachinayi lina anadikira kuti anzake atuluke.

"Aphunzitsi, ndabwera kudzatsanzika. Maso anga atha."

"Atha bwanji, Hidaya?"

"Dzulo ndinaona madontho, lero ndikuona mizere. Zina zikumera m'mbali zokha. Palibe chikukhazikika."

A Simioni anamutengera pa kompyuta ya pakona. "Tayang'anani apa."

Timadontho titatu tija, tili phee pamalo pake.

"Maso anu sananame," anatero a Simioni. "Pulogalamu yolowera pa intaneti timaitcha bulawuza, ndipo kompyuta iliyonse muno ili ndi yakeyake. Nyanja ndi imodzi, koma wina amalowa pa bwato, wina pa boti la injini."

Hidaya sanadziwe kuti aseke kapena alire. Mankhwala onse aja, kusowa tulo konse kuja, kumeneko kunali kungosintha mpando basi? Ndipo chisokonezo sichinathere pomwepo. Nanga anthu opanga zinthuzi analephera chiyani kugwirizana pa nkhope imodzi?

Kuyambira pamenepo ankatsalira ena akaweruka, n'kumayesa makompyuta onse atatu motsatizana. Bulawuza yoyamba inali yaudongo, yopanda zambirimbiri, koma kuyera kwake kunkamuthobwa ngati mchenga wa masana. Yachiwiri inali ndi kabatani kochotsa zithunzi ndi zotsatsa malonda, n'kusiya mawu okhaokha akuluakulu. Imeneyi anaikonda kwabasi. Yachitatu inali phwirikiti ngati msika wa nsomba, komabe atafufuza anapeza poidetsera kuti mawu oyera aziwala pakuda.

"Yoyambayo ndiye yokongola," a Simioni ankamunena.

"Kukongola n'kwa inu a maso awiri athunthu," ankayankha Hidaya. "Ine ndikufuna yondilola kuwerenga."

Tsiku la mayeso, malo anagawa mwa maere. Hidaya inamugwera yaphwirikiti ija. Atakhala pansi, zonse zimene anaphunzira zinauluka. Anafuna kabatani ka mawu akuluakulu, koma kunalibe. Anafuna timadontho, osatipeza. Thukuta linatsika pansi pa mpango, nthawi ikupita.

Anatseka maso, n'kudziuza kuti vuto si iye, ndi chombo chimene wakwera. Anayambira pakona imodzi, pang'onopang'ono, mphuno pasikirini, mpaka anapeza podetsera paja. Anakulitsa zilembo. Anamaliza womalizira m'kalasi monse, koma anakhoza.

Lero Hidaya amagwira ntchito mu shopu ina pa boma la Mangochi, pansi pa denga, chokupizira mphepo chikuzungulira. Nkhope yatsopano ya intaneti ikabwera amasokonezekabe, ndipo sabisa. Koma zilonda zija zinapola, panatsala zipsera zokha.

Abale anga, Hidaya anatsala pang'ono kubwerera kudzuwa lomupha chifukwa chodziweruza yekha mumtima. Safunsa anadya phula. Zinthu zikakusokonezani, musathamangire kunena kuti ndinu operewera. Tsegulani pakamwa, funsani, yesaninso pena. Musataye mtima musanadziwe n'komwe chimene chakugwetsani.