Nthuli ya Pakati

Mumsewu muja palibe wosamudziwa Telala Wautsi. Dzinalo anam'patsa ndi makasitomala ake omwe, chifukwa ukasoketsa diresi kwa iye umakalivala likununkhira nyama yowotcha. Ena ankadandaula, ena ankati zilibe kanthu, vuto linali agalu okha kumulondola munthu mpaka kuukwati.

Kuseri kwa shopu yake kuli kabwalo kopanikizika, ndipo pakona pali theka la mgolo ndi limu ya njinga yakuda bii, masipoko ake onse ali momwemo. Loweruka lililonse akangovundikira makina, amakoleza makala pamenepo. Limuyo anamusiyira ndi malemu bambo ake, omwe ankakonza njinga.

Iye ali mwana, bambowo ankafika Loweruka madzulo ndi nyama yokulunga m'nyuzipepala, manja ali girizi yekhayekha, n'kusanjika limu pamoto. Mchere basi, palibenso china. Koma kuwotchako ankatha? Ayi ndithu, tisawanamizire poti anatisiya. Nyama ikangoyamba kulira pamoto, iwo ulendo wa pawindo la kukhitchini kukawaputa dala mayi, kuwayimbira nyimbo zopanda mutu zopeka pomwepo. Pobwerera ankapeza yapserera. Mayi ankalalata, n'kulanda nyama yonse kulowa nayo m'nyumba. Pakapita kanthawi mwana ankaitanidwa, ndipo m'mbale yake ankapezamo nthuli yofewa, yonunkhira utsi, yoti ukaluma mafuta ankatsikira m'chigongono.

Kukoma kumeneko ndiko wakhala akukufunafuna moyo wake wonse. Wayesa makala a mitengo yosiyanasiyana, wayesa adyo, mandimu, tsabola, zonsezo. Cholakwa cha bambo ake chokha ndicho analumbira kuti sadzachibwereza: akaika nyama pamoto sasuntha, ngakhale kasitomala agogode mpaka chala kutupa. Nyama yake sinapsererepo, ndipo anansi amadya mpaka kunyambita zala. Iye akalawa amangopukusa mutu kuti si imeneyi. Mkazi wake anamufunsapo ngati akufuna nyama kapena akufuna bambo ake, chifukwa kubutchala amagulitsako chimodzi chokha.

Mayi atakalamba anawatenga kudzakhala nawo. Mutu unali utayamba kale kuwathawa. Ankamupatsa moni mwana wawo ngati mlendo, n'kumufunsa ngati wayenda bwino. Zinkamupweteka kwambiri, koma ankangoyankha kuti wayenda bwino. Kenaka mayiwo analeka kudya. Phala ankalikankha, tiyi ankangomuyang'ana mpaka kuzizira, ndipo telala anabweza madiresi awo m'chiuno kawiri konse. Adokotala ananena mosapsatira kuti akapanda kudya, mankhwala sathandiza kanthu. Telala anawawotchera nyama yofewa ngati chiwindi, n'kuiduladula tating'onoting'ono. Mayi anathokoza mwaulemu n'kutembenukira kukhoma.

Loweruka lina ataika nyama pa limu, anakweza maso n'kuwaona pawindo la kukhitchini atakhala okhaokha, akulimbana ndi batani la juzi. Anaoneka ochepa ngati kamtsikana. Mtima unamuwawa, ndipo anasiya moto n'kupita pawindopo. Ungacheze chiyani ndi mayi ako amene akukuyesa mlendo? Anangoyamba kuyimba imodzi mwa nyimbo zopanda mutu zija, ya tayala lomwe linakana kupopedwa. Mayi anamuyang'anitsitsa osaphethira. Iye anayimbanso ina. Kenaka mayi ananunkhiza m'mwamba, nkhope n'kuchita tsinya.

"Mwapserezanso, bambo inu! Zaka zonsezi osaphunzira? Bweretsani kuno."

Anathamangira kumoto n'kupeza nyama yada ngati limu yomwe. Anabwera nayo m'mbale. Mayi anaitanitsa mpeni, ndipo manja aja olephera batani anagwira ntchito ngati kale. Anapala zakudazo, anachekelera m'mbali monse mouma, n'kumaponya zoumazo m'kamwa uku akung'ung'udza za mwamuna wosamva. Ankatafuna pang'onopang'ono ndi mano otsalawo, koma ankameza ndithu. Mkazi wa telala anaima pakhomo atagwira pakamwa.

Itatsala nthuli ya pakati yokha, mayi anaivundikira ndi mbale ina.

"Iyi musakhudze. Ndi ya mwana, akabwera kosewera."

Telala, imvi zili mbuu m'mutu, anainyamula mbaleyo. "Ali panjapa, ndikam'patsa."

"Musakadye m'njira, ndimakudziwani inu."

Anatuluka nayo mbaleyo n'kukakhala pansi pambali pa mgolo, miyendo atatambasula ngati mwana. Analuma kamodzi, ndipo inali imene ija. Analira pomwepo osabisa. Analirira bambo ake, analiriranso makala onse amene mayi ake anamudyera iye osadziwa.

Masiku ano anansi amanong'onezana kuti Telala Wautsi wakalamba, nyama akumapsereza. Iye sawayankha. Akumawotcha ngakhale pakati pa sabata, ndipo ikangoyamba kulira pamoto amapita pawindo. Mayi sanamuzindikirebe, mwina sadzamuzindikiranso. Koma akudya, ndipo akamaliza amafunsa ngati mwana wakhuta.